Mbali Imene Kwaima Loko

Ntchito yophunzitsa ana inali yanga, ndipo amene anandilanda ndi munthu yemwe sankadziwa n'komwe kuti ntchitoyo ilipo. Dzina lake lenileni silikufunika pano. Tonse mu ligi yathu timamutchula kuti Loko, chifukwa mbali ya bwalo imene iye waima imakhala ngati yakhomedwa.

Sukulu ndinalekezera Folomu 3 ku Bangwe, ndipo musandifunse chifukwa chake. Amene anandikokera ku Dubai ndi amalume anga a Issa, omwe amayendetsa galimoto ya banja lina ku Al Twar. Ndinkagona pa bedi lapamwamba m'chipinda chawo ku Al Muraqqabat, kukacha n'kumazungulira m'mashopu ndi m'timahotela kufunsa ntchito. Kulikonse ankafuna satifiketi. Tsiku lina amalume atakasiya mwana wa abwana awo kumasewera, anamva kuti akademi ina ya mpira wa ku America ikufuna munthu wosamala zida. Atabwera anandiuza kuti ndisite malaya.

"Mphwanga, kumeneko uzikangoyankha kuti inde. Pakamwa pakopo ndimapadziwa."

Ndinayankha inde pa chilichonse ndipo anandilemba. Mpirawo ndinali ndisanauonepo. Nditaona anthu atavala zitsulo kumaso ndinaganiza kuti ndi ragibi ya anthu amantha.

Ofesi yanga inali kontena kuseri kwa bwalo. Helimeti iliyonse ili ndi timatumba ta mpweya m'kati, ndipo umatipopa ndi kapampu ka m'manja mwiniwake ataivala, mpaka isiye kugwedera. Chitsulo chotchinga nkhope chimagwidwa ndi masikulu amene amachita dzimbiri msanga ndi thukuta la kuno, choncho sikuludiraiva ndinkayenda nayo m'thumba ngati foni. Mapadi a m'mapewa ndinkawapopera mankhwala n'kuwayanika pa mpanda. Ukangochita ulesi kamodzi, kontena yonse imanunkha ngati mwafera mbuzi. Bwalo timachita kubwereka la mpira wamiyendo, ndiye mizere ya mayadi ndimajambula ndekha ndi penti yoyera, ndikatero n'kudzaza ayezi m'migolo ya madzi.

Akademiyi ili ndi timu ya akuluakulu, anthu a m'maofesi amene amasewera chifukwa chongokonda. Tsiku lina popanga pulakatisi anaperewera munthu. Kochi Ray, mkulu wa ku America amene mawu ake amamveka mpaka kumsewu, anandiponyera helimeti imene ndinali nditangoimanga ndekha. Anati ndithamange molunjika ndipo ndisayang'ane m'mbuyo mpaka ndimve dzina langa. Kwathu ndinkamenya nambala 11, kumanzere, pa bwalo la miyala popanda nsapato. Pa kapinga wofewa uja ndinawasiya onse. Nditamva dzina langa ndinacheuka, mpira uli m'mwamba ukuzungulira ngati chipolopolo, ndipo unangotera m'manja mwanga. Kuyambira tsiku limenelo ndinapenga nawo.

Kwa inu amene simuudziwa, umayenda chonchi. Timu imene ili ndi mpira imayesa kanayi kuti ipite patsogolo mayadi khumi. Ikalephera, mpira umapita kwa enawo. Woponya mpira ndi kwotabeki. Ife amene timathamanga kukauwakha ndife marisiva. Ukalowa nawo kumapeto kwa bwalo, imeneyo ndi tachidauni, chigoli chathu. Ndipo munthu amene amaima pamaso pako n'kumakutsata kulikonse kuti usawakhe kanthu, ameneyo ndiye konabeki.

Kwotabeki wathu ndi Imran, mnyamata wa ku Pakistan wobadwira konkuno, wogwira ntchito ku banki. Dzanja lake ndi labwino, zimenezo sindingamunamizire. Risiva mnzanga wa kumanja anali Mulenga wa ku Lusaka, amenenso ndi dalaivala wa basi ya akademi. Liwiro alibe, koma mpira ukamukhudza m'manja sugwa. Ine ndinkaima kumanzere, ndipo nyengo imeneyo matachidauni ambiri anali anga. Sindikudzitama, ndi mmene zinalili.

Ndiye mwini akademi anabwera ndi nkhani. Anati akutsegula kalasi ya ana ya Loweruka m'mawa ndipo akufuna kochi wothandizira, ine kapena Mulenga. Kwa ine zimenezi zinkatanthauza kutuluka m'kontena, kuvala gofu ya kolala yolembedwa kuti kochi, ndi kukhala ndi ntchito imene ndingaitchule popanda kutsitsa mawu amayi akaimba foni. Mwini akademiyo mpirawu saudziwa, amadziwa bizinesi. Anati makolo amalembetsa ana awo kwa munthu amene amuona pa vidiyo akuchita zodabwitsa, choncho adzasankha akaona vidiyo ya gemu yotsatira. Ndinaseka chamumtima. Ndinali ndisanaone kuti gemu yotsatirayo tikumenya ndi ndani.

Sabata imeneyo Kochi anatikhazika pansi n'kutionetsa magemu a timu ya Loko. Akuti munthuyu anasewerapo ku koleji kwawo ku America, pano ndi mphunzitsi pa sukulu ina. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti pa vidiyopo sankaoneka kwenikweni. Kamera imatsata mpira, ndipo mpira sunkapita kwa iye. Kochi ankaimitsa vidiyo n'kuloza m'mphepete mwa sikirini, pamene pankangooneka miyendo iwiri itamatirana ndi miyendo ya risiva.

Kenako anatiuza kuti tiwerenge anthu a mbali inayo. Nthawi zonse kumbuyo kwa konabeki kumakhala munthu wina wodikira, wotchinga ngati konabekiyo wapitiriridwa. Kumbuyo kwa Loko kunalibe aliyense. Ankamusiya yekha ndi theka la bwalo, munthu wotsalayo n'kumutumiza kukapanikiza mbali inayo kapena kukagwetsa kwotabeki. Ndiye kuti munthu mmodzi ameneyu ankachititsa kuti paliponse timu yako izioneka yoperewera. Makwotabeki ankasunga mpira nthawi yaitali posowa koponya, mpaka kugwetsedwa. Ena ankangoponya msanga kwa aliyense wapafupi. Matimu ankasiya masewero awo abwino kunyumba n'kubwera ndi a mantha okhaokha.

Imran ankaonera atagwira pakamwa. Chaka chathacho Loko anamuwakhira mipira imene ankaponyera anzake, umodzi n'kuthamanga nawo yekha mpaka kukagoletsa. Imran saopa zimphona zimene zimamuthamangira kudzamugwetsa, koma vidiyo ija inamuumitsa milomo.

Pulani ya Kochi inali yachidule. Anandiloza. "Loko amatsata risiva woopsa kwambiri. Ndiye kuti iwe. Mutengere kutali, ukakhale naye komweko." Anatembenukira kwa Imran. "Kumanzere kulibe munthu. Usayang'aneko n'komwe."

Ndinaiwala malangizo a amalume. Ndinafunsa kuti ndiye ine ndibwere kudzatani, kudzaperekeza mlendo? Ndinati ngati ndili woopsa, bwanji osandipatsa mpira kuti tione woopsa weniweni. Kochi anati ndikafuna kukhala kochi ndiyambe ndaphunzira kumvera kochi, ndipo nkhani inathera pomwepo. Titatuluka ndinamutsatira Imran ku galimoto yake. Ndinamuuza kuti ndikadzakweza dzanja, adzaponye basi, zotsalazo ndidzaona ndine. Anati, "Inshallah, habibi," kunena kuti Mulungu akalola mnzanga, maso ali pa foni. Aliyense amene wakhala kuno amadziwa tanthauzo la inshallah ya munthu amene sakukuyang'ana.

Mulenga ndiye anali pa chisangalalo, akundiseka m'Chinyanja chake cha ku Lusaka. "Iwe mwaice, bakupasa bodigadi monga minisita. Ise osauka tizagwilako bola manje."

"Aise, ukayambe waphunzira kuthamanga. Basi yako ija imakuposa ili pa rivesi."

Gemu inali Loweruka masana, nyengo yozizira, dzuwa loti munthu ungathamange osakomoka. Mizere ndinajambula ndekha m'mawa, mahelimeti ndinapopa, kenako n'kuvala yanga. Mwini akademi anali m'mphepete mwa bwalo ndi munthu wake wa kamera. Nditakaima kumanzere, Loko anabwera akuyenda pang'onopang'ono n'kuima pafupi kwambiri moti ndinkamva kupuma kwake. Si munthu wamkulu thupi. Ali ndi manja ataliatali ndi nkhope ya munthu amene akudikira basi. Sanandinyoze, sanandiopseze. Zimenezo n'zimene zinandipsetsa mtima.

Mpira utangoyamba, dzanja lake linali kale pachifuwa panga. Malamulo amalola konabeki kukukankha pamayadi oyambirira, ndipo iye anandikankha pamalo oti phazi langa linatera polakwika. Mmene ndinkawongoka n'kuti sewero litatha. Ulendo wotsatira ndinagwedeza mutu kumanja n'kuthawira kumanzere, njomba imene inkagwetsa anthu ligi yonse. Sananyengeke. Ndinazindikira kuti sankandiyang'ana kumaso kapena m'mapewa. Maso ake anali m'chiuno mwanga, chifukwa mutu umanama koma chiuno chimapita kumene munthu akupitadi. Ankathamanga chafutambuyo mofanana ndi mmene ine ndinkathamangira chakutsogolo, ndipo ndikakhota ankakhota nane ngati tamangidwa chingwe chimodzi.

Kochi ananditumiza kuti ndidutse kupita kumanja mpira usanayambe, kuti aone ngati anganditsate. Anandiperekeza bwinobwino. Nditabwerera, anabwerera nane.

Kumanjako zinthu zinali zovuta ngati mmene vidiyo inaonetsera. Mulenga anali ndi anthu awiri. Imran anagwetsedwa mpira uli m'manja, n'kudzuka kapinga ali pa chitsulo cha kumaso. Ndiye chisanathe chigawo choyamba anayesa kuponya kampira kakafupi chakumanzere, osati kwa ine, koma kwa mnzathu amene anatulukira kumbuyo. Loko anandisiya ngati sanandidziwepo. Sindinaone kuti wanyamuka liti. Ndinangomva mpira ukuwomba zala zake n'kugwera pansi, iye n'kudzimenya pa ntchafu chifukwa chouphonya. Bwalo lonse linati haa. Kuchokera pamenepo khosi la Imran linauma. Ankati akalandira mpira, helimeti yake inkaloza kumanja ngati yakhomeredwa misomali.

Popuma Kochi anasintha zina. Anandiimika kumapeto kwenikweni, pafupi ndi mzere, kuti Loko atalikirane ndi anzake. Anayamba kuthamangitsa mpira pansi, kudutsa pamalo amene ine ndi Loko tachokapo, ndi kuponya timipira tatifupi kwa Mulenga. Zinayamba kuyenda. Tinagoletsa, iwo anagoletsa, ndipo ine ndinali ndisanakhudze mpira.

Apa ndinene zoona. Ngakhale mtima unkawawa, ndinali ndisanasangalalepo ndi mpira ngati masana amenewo. Popeza panalibe amene ankandiyang'ana, ndinayamba gemu yangayanga ndi Loko. Ndinkathamanga molunjika, n'kuima mwadzidzidzi, n'kutembenuka manja ali patsogolo ngati mpira ukubwera. Ndinachita zomwezo mobwerezabwereza, pamalo amodzimodzi, mpaka mapapo kutentha. Poyamba ankadikira kuti ndiime kaye. Kenako ndinaona kuti wayamba kufika msanga. Munthu wa luso lake kukhala tsiku lonse osaponyeredwa mpira, njala imamugwira ngati mmene inandigwirira ine. Ankafuna wake umodzi. Nthawi ina anafika pamalo anga oimira ine ndisanafike, ndipo ndinaseka m'kati mwa helimeti. Ndinadziwa kuti nsomba yayamba kunyambita nyambo.

Nthawi itatsala pang'ono kutha tinali kumbuyo ndi mapointi ochepa, ndipo tachidauni imodzi inali yokwanira. Tinafika chapakati pa gawo lawo, titayesa katatu osaphula kanthu. Tinatsala ndi mwayi womaliza. Titaunjikana kuti timve sewero, ndinagwira chitsulo cha kumaso kwa Imran n'kumukokera kwa ine.

"Loko wapsa ameneyu. Undiyang'ane kamodzi kokha."

Anagwedeza mutu, maso ali pa kapinga. Wina anati yalla, kunena kuti tiyeni, tinamwazikana.

Ndinaima pamzere, Loko pamaso panga. Mpira unayamba. Ndinachotsa dzanja lake ndi mkono, ndinathamanga molunjika, ndipo pamalo aja ndinaponda mwamphamvu, n'kutsitsa chiuno, n'kutembenuza mapewa, manja patsogolo. Anabwera. Anabwera ndi thupi lonse, akudumphira kutsogolo kwanga kuti awakhe mpira umene kunalibe. Ndinazungulira n'kunyamuka. Ndinamva zala zake zikukanda jezi yanga n'kupulumuka.

Abale, kutsogolo kwanga kunalibe munthu. Kapinga yekhayekha mpaka kumapeto, chifukwa iwo eni anachotsako mlonda pokhulupirira Loko. Mwana wa sitandade 5 akanatha kundiponyera mpira umenewo. Ndinakweza dzanja. Ndinakuwa dzina la Imran, ndinakuwa m'Chingerezi, mpaka ndinakuwa m'Chichewa kuti ponya kuno iwe. Ndikucheuka ndinaona kumbuyo kwa helimeti yake. Sanatembenuke ngakhale pang'ono. Anaponya kumanja, pakati pa anthu awiri, mpira woopsa woti ukanatha kutiluzitsa. Mulenga anaulumphira, anthu awiri aja anamuwomba uku ndi uku, koma anagwa nawo atadutsa mzere. Tachidauni. Tinawina.

Timu yonse inathamangira kwa Mulenga, wa kamera pambuyo pawo. Ine ndinali ndekha pa kona inayo, dzanja likadali m'mwamba ngati munthu woimitsa takisi. Amene anafika kwa ine ndi Loko, akupuma mwawefuwefu. Anandigogoda pa helimeti.

"Unandipeza," anatero. "Mwayi wanga ndi woti mnzakoyo amandiopa kuposa iwe."

Anandigwira chanza n'kumapita. Mawu amene anandiyankhula tsiku lonse ndi okhawo.

Vidiyo inatuluka mawa lake. Mulenga akuuluka, Mulenga akugwa, Mulenga atanyamulidwa, nyimbo ikugunda. Ine ndikuoneka paliponse pamene sewero likuyamba, kenako kamera n'kundisiya. Pa sewero lomaliza lija pakuoneka chigongono changa chokha chikutuluka m'mphepete. Kochi akuti anaona zonse ndipo anakauza mwini akademi kuti popanda ine kumukoka Loko, Mulenga sakanawakha kanthu. Mkuluyo anayankha kuti akumva, koma makolo sangalembetse ana kwa chigongono. Khalas, nkhani yatha. Gofu ya kolala inapita kwa Mulenga.

Imran ndinamupeza akumasula nsapato. Anati pepa, sanandione. Ndinamufunsa ngati anayang'ana. Anapitiriza kumasula zingwe zimene zinali zomasula kale. Ndinamuuza kuti ali nane ngongole ya mpira umodzi, ndipo sindidzaiwala. Anati adzandibwezera gemu yotsatira, koma ine sindinkafuna wa gemu yotsatira wa konabeki wamba. Ndinkafuna uja.

Mulenga anandigulira tiyi wa karaki, wa mkaka uja wa kuno, pa kashopu ka pakona, akuti tisadane. Ndinamwa, chifukwa tiyiyo sanandilakwire. Iyenso sanandilakwire, anawakha mpira wovuta ndipo ana amamukonda. Amalume nditawafotokozera anafunsa kuti ndiye masewera ake ndi otani oti munthu akakhala katswiri ndiye amamumana mpira. Ndinangokwera pa bedi langa.

Yankho ndinalipeza ndili m'kontena, ndikumanga masikulu. Ndinkaganiza kuti konabeki wabwino ndi amene amalanda mipira. Ayi. Loko tsiku lija sanawakhe mpira ngakhale umodzi, ndipo pa sewero lofunika kwambiri ndinamusiya m'mbuyo. Koma anali atawina kale Lachiwiri, pamene Kochi ananena kuti kumanzere kulibe munthu. Analowa m'pulani yathu, analowa m'khosi mwa Imran, anasankha yekha kumene mpira wathu upite, mpaka anasankha amene aphunzitse ana Loweruka. Risiva amadikira kuti wina amuone. Konabeki sadikira munthu. Ine kudikira kunanditopetsa kalekale.

Ndinapita kwa Kochi n'kumuuza kuti andisinthe, ndikufuna kukhala konabeki. Anati ndapenga, ndine risiva wake wabwino. Ndinati risiva wabwino ndi amene munamutuma kukaperekeza mlendo. Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anandiponyera jezi ya mtundu winawo, ya anthu otchinga.

Kuthamanga chafutambuyo si masewera. Masabata oyamba ndinkagwa chagada, Mulenga n'kumandidutsa ndi liwiro lake la basi akuimba nyimbo. Ndinaphunzira kutsitsa thupi, kusiya kuyang'ana kumaso kwa munthu, kuika dzanja pachifuwa popanda kugwira jezi. Njomba zonse za marisiva ndimazidziwa, chifukwa zinali zanga. Sindinafike pa Loko, ndipo mwina sindidzafikapo, koma nyengo ino ndamvapo kochi wa timu ina akukalipira kwotabeki wake kuti asiye kuponyera mbali yanga. Ndinamva kukoma kuposa tachidauni iliyonse imene ndinagoletsapo.

Mahelimeti ndikupopabe, mapadi ndikuyanikabe. Koma pa pulakatisi iliyonse tsopano ndimaima moyang'anizana ndi Imran ndi marisiva ake. Ndinamuuza pamaso pa onse kuti mpira wanga uja asavutike kundipatsa, ndidzautenga ndekha m'mwamba. Anaseka. Kuyambira tsiku limenelo sanaponyepo mbali yanga, ndipo Kochi wachita kusasa mawu kumuuza kuti ayang'aneko. Ngongoleyo ikadalipo: mpira umodzi.